Mwana mmodzi wa ku Lilongwe ndi kachilombo ka ku Sindh: lipoti la mliri wa poliyo wa 2021 mpaka 2024

Pa 19 Novembala 2021, mwana wamkazi wa zaka zitatu wa m'boma la Lilongwe anafooka ziwalo mwadzidzidzi. Ife a kalondolondo wa matenda mwana wotere timamulemba kuti ndi wa AFP: aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono walefuka mwadzidzidzi n'kukhala wolobodoka. Ana otere timawapeza chaka ndi chaka m'maboma onse, ndipo zotsatira zikabwera pafupifupi onse amapezeka kuti si poliyo. Ena amakhala ndi matenda a Guillain-Barré, ena jakisoni anabayidwa molakwika pathako n'kukhudza mtsempha, ena ndi tizilombo tina ta m'matumbo. Nthawi imeneyo n'kuti Malawi atatha zaka pafupifupi 30 osaona poliyo, wodwala womaliza atapezeka mu 1992. Komanso pa 25 Ogasiti 2020 chigawo cha Africa cha bungwe la WHO chinali chitalengezedwa kuti chathana ndi poliyo wachilengedwe, patatha zaka zinayi chipezekereni odwala omaliza ku Borno m'dziko la Nigeria. Aliyense wogwira fomu ya mwanayu akanaganiza kuti ikathera m'faelo ngati zinzake.

Lipotili ndalembera anzanga a m'maofesi a zaumoyo m'maboma, a m'zipatala zazing'ono ndi alangizi a zaumoyo, chifukwa nkhani yotere imayambira m'manja mwawo. Masiku ndi ziwerengero ndi zomwe Unduna wa Zaumoyo ndi WHO analengeza poyera. Maganizo ndi anga. Anthu akamakamba za mliriwu amathamangira kutchula Pakistan, poti ndi pamene nkhani imakomera. Koma chilengezo chinabwera patatha masiku 90 mwana atafooka, ndipo oposa theka la masikuwo anatha labotale isanaone n'komwe chimbudzi chake.

Mabotolo awiri

Gawo loyamba linayenda bwino, ndipo tisalipeputse. Chimbudzi cha mwanayu chinatengedwa kawiri, pa 26 ndi pa 27 Novembala, sabata imodzi chifookereni. Malamulo athu amati kawiri, motalikirana maola osachepera 24, pasanathe masiku 14. Chifukwa chake n'chakuti kachilomboka sikatuluka mofanana tsiku lililonse, ndipo pakatha masabata awiri kamayamba kuchepa m'chimbudzi. Mwana akanachedwa kufika kwa azaumoyo, kapena akanayamba wazungulira kwa asing'anga mwezi wathunthu monga zimachitikira kawirikawiri ndi kufooka kwa miyendo, bwenzi lipoti lino kulibe.

Amene anatengapo chimbudzi cha mwana wofooka ziwalo akudziwa kuti zimaphweka papepala pokha. Mwana wotere kawirikawiri amadzimbidwa, ndiye sungakhale pakhonde kumudikira. Umasiya kabotolo ndi kasupuni kake, n'kufotokoza: "Amayi, akadzithandiza musataye. Mutapeko chokwana nsonga ya chala chachikulu, muike umu, mutseke zolimba, kenako mutumize uthenga kwa alangizi nthawi yomweyo." Kumbaliko agogo amafunsa, "Nanga chimbudzi cha mwana mukupita nacho kuti, bambo?" Funso limenelo si lachibwana m'mudzi momwe anthu ayamba kale kunong'onezana kuti mwanayo anamuponda. Yankho labwino ndi loona: chikupita ku labotale kunja kwa dziko, zotsatira zichedwa, ndipo tidzabweranso pakatha masiku 60 kudzaona ngati mwendo ukadali wofooka. Kabotoloko kamalowa m'bokosi lozizira lokhala ndi madzi oundana, kutentha kwake kusapyole madigiri 8, fomu itakulungidwa m'pulasitiki payokha kuti inki isasungunuke. Nambala ya pafomu ndi ya pabotolo zikasiyana, ntchito yonse yapita m'madzi.

Kuzizirako n'kofunika chifukwa labotale imafuna kachilombo kamoyo. Kakafera m'njira chifukwa cha kutentha, zotsatira zimabwera zonena kuti simunapezeke kanthu, ndipo tonse timapuma mtima uli m'malo pomwe matenda akuyenda. Pa zolakwa zonse za ntchito yathu, iyi ndiyo ndimaiopa kwambiri, chifukwa siisiya chizindikiro.

Muyezo ndi wakuti mabotolo afike ku labotale pasanathe masiku atatu. A mwana wa ku Lilongwe anayenera kutuluka m'dziko kupita ku labotale yovomerezeka ya poliyo, ndipo analandiridwa ku NICD, ku Johannesburg, pa 14 Januwale 2022. Kuchokera pa 27 Novembala ndi masiku 48. Inali nyengo yosokonekera. Pa 26 Novembala pomwepo, tsiku lomwe botolo loyamba linatengedwa, WHO inapatsa dzina la Omicron mtundu watsopano wa COVID-19 womwe akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anali atangouzindikira, ndipo maiko ambiri anatseka maulendo a ndege ochokera kuchigawo chino, Malawi ali pamndandanda wa ena mwa iwo. Omicron anadziwika m'masiku owerengeka ndi luso lomwelo lowerenga chibadwa cha kachilombo. Luso linalipo, pafupi pomwepa. Chomwe chinatalika ndi njira yofikira kumeneko.

Sindikulemba izi kuti ndiloze munthu chala. Ndikulemba chifukwa tonse timadziwa mmene botolo limagonera: kudikira galimoto yomwe ili ndi ulendo wina wa ku boma, kudikira kuti mabotolo achuluke kaye kuti mtengo wotumizira ukhale waphindu, kudikira siginecha ya munthu amene ali ku msonkhano. Chilichonse mwa izi payekha chimaoneka chanzeru. Matenda akakhala kuti sanaonekeko zaka 30, palibe amene amamva kuti botolo ili ndi lachangu.

Zomwe zinachitika ku labotale

Ku labotale sayamba ndi makina owerenga chibadwa. Amayamba n'kulera kachilomboko. Chimbudzi chimasungunulidwa n'kutsukidwa, madzi ake n'kuthiridwa pa maselo a mitundu iwiri. Maselo a RD ndi ochokera kwa munthu, ndipo amalandira tizilombo tambiri ta m'matumbo. A L20B ndi a mbewa, koma anawaikira khomo lomwe kachilombo ka poliyo kamalowera m'selo ya munthu, choncho amenewa akayamba kufa, chikayiko chimakula. Gawo limeneli limapatsidwa masiku 14. Kenako pamabwera PCR, yomwe imafunsa mafunso a inde kapena ayi. Kodi ndi poliyo? Ndi mtundu woyamba, wachiwiri kapena wachitatu? Kakufanana ndi ka m'katemera wa Sabin kapena ayi? Imachita zimenezi ndi tizidutswa tokonzeratu tomwe timamatirira pamalo odziwika a RNA ya kachilombo. Ndi yachangu, koma imangoyankha zomwe yafunsidwa.

Apa ndi pamene nkhani inakhotera koyamba. Pa 31 Januwale 2022, uthenga womwe unapita ku WHO unali wakuti mwanayu wapezeka ndi poliyo wa mtundu wachiwiri. Patangotha masiku awiri, pa 2 Febuluwale, a NICD anachita sequencing, ndiye kuti kuwerenga zilembo za chibadwa chimodzichimodzi, ndipo chomwe chinatuluka chinali china: mtundu woyamba wachilengedwe, WPV1. Labotale ya CDC ku United States inatsimikiza zomwezo pa 12 Febuluwale. Pa 17 Febuluwale boma la Malawi linalengeza mliri.

Wina anganene kuti poliyo ndi poliyo, mwana wafooka basi. Kwa banja lake n'zoona. Kwa okonza katemera ayi. Mtundu wachiwiri wachilengedwe unaonekera komaliza ku India mu 1999 ndipo unalengezedwa kuti watheratu mu 2015. Choncho mtundu wachiwiri ukapezeka lero, umakhala wochokera ku katemera wodontheza m'kamwa: kachilombo kofooketsedwa kaja kakayenda nthawi yaitali pakati pa ana osatemera, kamasintha pang'onopang'ono mpaka kubwezeretsa mphamvu yopuwalitsa. M'zaka zimenezo maiko ambiri a mu Africa ankalimbana ndi miliri yotere, ndiye yankho loyamba lija linali losadabwitsa, lomveka, losavuta kulikhulupirira. Koma mliri wa mtundu wachiwiri umathetsedwa ndi katemera wa mtundu wachiwiri wokha, amene amasungidwa padera ndipo amatulutsidwa ndi chilolezo cha WHO. Katemera wa bOPV amene takhala tikupereka ku sikelo kuyambira Epulo 2016 ali ndi mtundu woyamba ndi wachitatu. Dziko likanathamanga ndi yankho la pa 31 Januwale, bwenzi ana mamiliyoni atadonthezedwa katemera wosakhudza n'komwe kachilombo komwe kanali pakati pathu.

Phunziro lomwe ine ndimatengapo ndi ili. Zotsatira zoyambirira n'zokwanira kutidzutsa: kupita kumudzi, kufufuza khomo ndi khomo ngati kuli ana ena ofooka, kutenga chimbudzi cha ana okhala ndi wodwalayo, kuona makadi a sikelo a m'deralo. Zimenezi sizidikira. Koma kusankha katemera kumadikira sequencing, ngakhale akuluakulu akhale akufunsa ola lililonse.

Zomwe zilembo zinanena

RNA ya kachilombo ka poliyo ili ndi zilembo pafupifupi 7,500, za mitundu inayi yokha: A, C, G ndi U. Malabotale a poliyo padziko lonse, omwe ndi oposa 140, amawerenga chigawo chimodzi chotchedwa VP1, cha zilembo pafupifupi 900, chomwe chimapanga mbali ya chigoba cha kachilomboko. Ubwino wogwirizana pa chigawo chimodzi ndi wakuti zomwe zawerengedwa ku Johannesburg zingathe kuikidwa pambali pa zomwe zinawerengedwa ku Islamabad kapena ku Ibadan zaka zapitazo.

Kachilombo kakamaswana m'matumbo kamakopera zilembo zake, ndipo kamalakwitsa. Zili ngati ana asukulu okopererana notsi. Woyamba akalumpha liwu, onse okopera kwa iye alilumphanso, n'kuwonjezerapo zolakwa zawozawo, ndipo mphunzitsi wakhama akasanja makopewo atha kudziwa amene anakopera kwa mnzake komanso amene ali kutali ndi kope loyamba. Mwayi wathu ndi wakuti poliyo amalakwitsa pa liwiro lodziwika, pafupifupi chilembo chimodzi pa zilembo 100 zilizonse za VP1 pachaka, ndiye kuti zilembo 9 kapena 10. Kusiyana kwa tizilombo tiwiri kumasanduka nthawi.

Atasanja kachilombo ka ku Lilongwe ndi tinzake, wachibale wake wapafupi anali kachilombo komwe kanapezeka m'chigawo cha Sindh ku Pakistan mu 2020. Sikanali ka m'banja la ku Nigeria. Mfundo imeneyi inali yaikulu, chifukwa kakanakhala ka ku Nigeria, zikanatanthauza kuti poliyo wa mu Africa sanathe, anangobisala, ndipo chilengezo cha 2020 chinali cholakwika. Popeza kanali kolowa kuchokera kunja, satifiketi ya Africa inakhalabe, malinga ngati mliriwo uthetsedwa usanazike mizu.

Koma nkhani yomwe inatidetsa nkhawa ife sinali dzina la dziko. Inali mpata. Mu ntchito ya poliyo, kachilombo kakasiyana ndi wachibale wake wodziwika ndi zilembo zokwana 1.5 pa 100 kapena kuposa, timakatcha kamasiye, kutanthauza kuti makolo ake apakati sitinawaone: kakhala kakuyenda pafupifupi chaka ndi theka kapena kuposa popanda kalondolondo wina aliyense kukagwira. Ka ku Lilongwe kanaonetsa mpata wa mtundu umenewo, woposa chaka. Tsono muwonjezerepo mfundo yomwe tonse tinaphunzira: mwa ana pafupifupi 200 otenga WPV1, mmodzi yekha ndiye amafooka ziwalo. Ena onsewo amangotentha thupi pang'ono kapena samva kanthu, koma amatulutsa kachilombo m'chimbudzi kwa masabata angapo. Mwana mmodzi wofooka amaimira mazana osaoneka, ndipo mpata wa chaka umaimira unyolo wautali wa ana opatsirana.

Pali zomwe zilembo sizinena, ndipo apa m'pofunika kusamala pakamwa. Sizinena kuti mwanayo kapena makolo ake anapitako ku Pakistan. Sizitchula munthu amene anabwera nako, kaya pandege, kaya pasitima yapamadzi, kaya pabasi. Sizinena ngakhale dziko lomwe kanafikira koyamba kuchigawo chino. Lilongwe ndi kumene kanagwidwa, osati kwenikweni kumene kanalowera. Mtengo wa chibale umalumikiza tizilombo tomwe tinapezeka, ndipo tomwe sitinapezeke mulibe. Mawu akuti Pakistan akangotuluka pawailesi, ena amayamba kuyang'ana anthu a mtundu wina kapena amalonda ena ndi diso lina. Wazaumoyo asalole zimenezo pamsonkhano wa kumudzi. Wonyamula kachilomboka sadziwa kuti wanyamula, ndipo pofika pa mwana wa ku Lilongwe kanali katadutsa m'matupi ambirimbiri.

Chisankho chotemera maiko asanu

Mpata uja ndi umene unalamula kukula kwa ntchito. Zilembo zikanaonetsa kachilombo kofanana ndendende ndi ka ku Sindh, kongofika kumene, mwina kukanaganiziridwa zotemera Lilongwe ndi maboma oyandikana nawo. Koma kachilombo koti kayenda mobisika kupitirira chaka sungakatchingire boma limodzi. Choncho anagwirizana kutemera ana onse osakwana zaka zisanu m'Malawi monse, pafupifupi 2.9 miliyoni, ndi katemera wa bOPV, kaya anatemera kale kaya ayi, ndiponso kuchita chimodzimodzi nthawi imodzi ku Mozambique, Tanzania ndi Zambia, kenako Zimbabwe. Maiko amenewa anali asanapeze wodwala ngakhale mmodzi. Analowa nawo chifukwa cha zomwe VP1 inaonetsa.

Gawo loyamba linakhazikitsidwa pa 20 Malichi 2022. Amene munalipo mukukumbukira: madontho awiri m'kamwa, inki pakachala kakang'ono, choko pachitseko. Mukukumbukiranso kuti chinali chaka chanji. Namondwe Ana anali atawononga chigawo chakummwera kumapeto kwa Januwale, Gombe anatsatira mu Malichi, ndipo kolera inalengezedwa kumayambiriro kwa mwezi womwewo itayambira ku Machinga. Alangizi omwe ankanyamula mabokosi a katemera ndi omwewonso ankagawa klorini m'misasa ya anthu othawa madzi.

Chisankho china chinali kuyamba kuyeza madzi a suweji, zomwe dziko lino silinkachita kale pa nkhani ya poliyo. Malo 11 anasankhidwa m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Wotenga amapita mamawa, nthawi yomwe anthu ambiri amakhala atangodzithandiza, atavala magolovesi ndi majombo, n'kutunga pafupifupi lita imodzi pakati pa mkokomo wa madziwo, osati m'mphepete momwe aima. Lita imodziyo imaimira anthu zikwizikwi, ndipo imatha kugwira kachilombo mwana asanafooke ndi mmodzi yemwe. M'madzi a m'mizinda yathu WPV1 sanapezeke. Zinali zolimbikitsa, koma ine ndimazilandira mosamala. Amalawi ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo ngakhale m'mizindamo suweji imafika m'madera ochepa, kawirikawiri a anthu opeza bwino omwe ana awo anatemera. Mwana wa kumudzi wa m'malire salowa m'lita imeneyo. Kwa iye njira ikadali yomwe ija: mlangizi, fomu ndi mabotolo awiri.

Tete

Pa 25 Malichi 2022, sabata yomwe gawo loyamba la katemera linali m'kati, mwana wina anafooka ziwalo m'boma la Changara, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Zotsatira zinalengezedwa pa 18 Meyi: WPV1, woyamba m'dzikolo chichokereni 1992. Funso linali lakuti kodi ndi kulowa kwachiwiri kuchokera ku Asia, kapena ndi unyolo womwe uja. Sequencing inayankha kuti kachilombo ka ku Changara ndi kachibale ka ku Lilongwe. Chinali chiphuphu chimodzi cha mliri, chomwe chinamera kuwiri.

Kwa aliyense wodziwa dera limeneli palibe chodabwitsa. Msewu wa Mwanza umadutsa ku Zobue ndi Moatize kukafika mumzinda wa Tete, n'kupitirira ku Changara kulowera ku Zimbabwe. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo pa Lizulu munthu amagula mbatata ku Malawi n'kukamwa tiyi ku Mozambique. Mbali zonse ziwiri anthu amalankhula chilankhulo chimodzi, amakwatirana, amapita kumaliro amodzi, ndipo amayi amapita ndi ana kuchipatala chomwe chili pafupi, osati cha dziko lawo. Mafomu athu okha ndi amene amalekezera pamalire.

Pofika mu Ogasiti, ana asanu ndi atatu anali atapezeka ndi WPV1 ku Mozambique, onse m'chigawo cha Tete, womaliza atafooka pa 10 Ogasiti 2022. Ku Malawi sikunapezekenso wina. Chithunzi chinatembenuka: dziko lomwe linayamba kulengeza linakhala ndi wodwala mmodzi, pomwe phata la mliri linaoneka kutsidya. Ndi chifukwa chake ndinanena kuti malo ogwidwira si malo olowera. Amene anatcha mliriwu wa Malawi mu Febuluwale ankanena zomwe mtengo wa chibale unkaonetsa uli ndi nthambi imodzi. Nthambi zitachuluka, nkhani inasintha. Mwa odwala a ku Tete munali ana opitirira zaka zisanu, ndipo mu 2023 magawo ena a katemera anakulitsidwa kufikira ana osakwana zaka 15.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi lakuti, mabotolo a ku Lilongwe akanafika m'masiku atatu, kodi ana a ku Tete akanapulumuka? Ndisanamize anzanga kuti ndi zowongoka choncho. Kachilombo kanali kakuyenda kale mwana wa ku Lilongwe asanafooke, ndipo katemera wa gawo limodzi sathetsa mliri. Chomwe tingawerenge ndi ichi: masabata asanu ndi limodzi ochotsedwa panjira akanabweretsa gawo loyamba kumayambiriro kwa Febuluwale m'malo mwa kumapeto kwa Malichi, ndipo kachilombo komwe kamasamuka kuchoka mwa mwana kupita mwa mnzake m'masiku owerengeka kakanataya mibadwo ingapo ya kufala kwake.

Mu 2022 momwemo panabukanso china chomwe chikanatisokoneza pakanapanda sequencing. Kuchigawo chakummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique kunapezeka ana ofooka ndi poliyo wa mtundu woyamba, koma wochokera ku katemera. Pabedi la chipatala mwana wa WPV1 ndi wa cVDPV1 sungawasiyanitse. Mwendo ndi wolobodoka chimodzimodzi. Zilembo ndi zomwe zimasiyanitsa. Kachilombo ka mtundu woyamba kakasiyana ndi ka Sabin ndi zilembo 10 kapena kuposa mu VP1, koma kakuonekabe kuti kholo lake ndi Sabin, kamawerengedwa kuti n'kochokera ku katemera. Kachilengedwe kamakhala kutali kwambiri ndi Sabin, pa nthambi inayake. Pakanapanda kusiyanitsa kumeneku, ana amenewa akanawerengedwa mu mliri wa ku Sindh, ndipo mapu a kufala kwake akanakhala abodza. Mwamwayi katemera wake ndi yemweyo, bOPV. Ndipo miliri iwiriyi inkaloza vuto limodzi: matumba a ana omwe sikelo sinawafikire. Makolo akafunsa za poliyo wochokera ku katemera tisazembe funsolo. Mwana wotemera mokwanira ndi wotetezeka ku mitundu yonse iwiri. Kofooketsedwa kaja kamapeza mpata wosinthira pokhapokha pali ana ambiri osatemera oti kaziyendamo.

Kutseka mliri

Kunena kuti mliri watha n'kovuta kuposa kunena kuti wayamba, chifukwa umboni wake ndi kusapezeka kwa chinthu. Oyendera ochokera kunja sanangofunsa kuti wodwala womaliza anali liti. Anafunsa ngati tikanamuona akanakhalapo. Apa ndi pamene ziwerengero zomwe zimatitopetsa mwezi ndi mwezi zimagwira ntchito. Boma lililonse liyenera kupeza ana a AFP osakhala poliyo osachepera awiri pa ana 100,000 aliwonse osakwana zaka 15 pachaka, ndipo pa nthawi ya mliri muyezo umakwera kufika atatu. Mwa amenewo, 80 pa 100 akhale ndi mabotolo awiri otengedwa m'nthawi yake ndi ofika ali bwino. Boma lomwe latha chaka osalemba AFP ndi mmodzi yemwe si boma la ana athanzi, ndi boma lomwe silikuyang'ana, chifukwa Guillain-Barré ndi zinzake sizisankha boma. Kachilombo kamasiye kamabadwira m'maboma a zii oterewa.

Panopa pali njira zatsopano zowerengera chibadwa molunjika kuchokera m'chimbudzi, popanda kuyamba kulera kachilombo pa maselo, pogwiritsa ntchito makina aang'ono a nanopore. Zinayesedwa ku Democratic Republic of the Congo ndipo zinafupikitsa nthawi yodikira. Ndi zabwino, ndipo kukhala nazo pafupi kungachotse ulendo wa ndege. Koma pa nkhani ya ku Lilongwe, kuchokera tsiku lomwe mabotolo analandiridwa kufika pa sequencing yoyamba panadutsa masiku 19 okha. Makina atsopano angadule kuchokera pa 19 amenewo. Masiku 48 aja amadulidwa ndi mafuta a njinga yamoto, firiji yogwira ntchito, munthu wodziwika dzina amene ali ndi udindo wotsata botolo lililonse, ndi buku lolemba tsiku lomwe lanyamuka pamalo alionse. Ine ndikadakonda kuti pamsonkhano uliwonse wa kotala, pambali pa chiwerengero cha AFP, boma lizionetsanso masiku omwe botolo lililonse linatha panjira, lalitali kwambiri litalembedwa ndi inki yofiira.

Pa 14 Meyi 2024, patatha miyezi 21 chifookereni mwana womaliza wa ku Tete, WHO inalengeza kuti mliri wa WPV1 ku Malawi ndi Mozambique watha. Ana asanu ndi anayi anafooka ziwalo, mmodzi kuno ndi asanu ndi atatu ku Mozambique. Ana oposa 50 miliyoni anatemera m'maiko asanu, ndipo Africa inasunga satifiketi yake. Chaka chomwecho cha 2024, Pakistan inalemba odwala 74 a WPV1 ndipo Afghanistan inalemba 25, kukwera kuchoka pa asanu ndi mmodzi dziko lililonse mu 2023.